Hafu-hafu ya mayi Chikoti

Gulu: Kwathu ku Nambuma 🏠
Mama, Dominic, Caroline

LOLEMBA

Dominic 07:12
mama foni yanu ikungoitana. mwamva za pa wailesi?

Dominic 07:13
a president alengeza, chipani chathu cha Nkhokwe chatuluka mu alliance. ife ndi a Nyali basi tasiyana

Caroline 07:20
heee achimwene, alliance yomwe ija mama anaivinira mpaka bondo kutupa? kkkk

Dominic 07:21
Caro izi sizoseka. loweruka kuli rally pa ground pa Nambuma, a governor abwera eni ake

Dominic 07:22
akuti azimayi onse avale yapepo ya Nkhokwe yokhayokha. nsalu ya hafu-hafu ija safunanso kuiona

Caroline 07:24
ndie poti mama ndi chairlady wa azimayi, ayambe ndi iwowo et

Dominic 07:24
exactly

Mama 08:05
🎤 mawu 0:58
Ndinali kudimba ine, foni ndinaisiya pawindo. Ndamva Domi, ndamva, wailesi ya aneba athuwa imalankhulira mudzi wonse. Atuluka atuluka, ndi akuluakulu amenewo. Polowa sanatifunse, potuluka atifunsa bwanji? Ine ndine wa Nkhokwe, ndinalowa iwe uli kumsana, ndipo adzandiika m'manda ndili wa Nkhokwe. Loweruka ndivala yapepo yokhayokha, ndili nayo yatsopano m'sutikesi. Nyimbo ndiyambitsa ndine ngati masiku onse. Koma hafu-hafu yanga ikhala m'nyumba mwanga muno, imeneyo si nkhani ya a gavanala.

Dominic 08:09
mama sanati muisunge. akuti aliyense amasule msoko, mbali yoyera ya Nyali abwere nayo ku rally. tikaziunjika pakati pa ground nkuzitentha, dziko lione kut tasiyana nawo zenizeni

Caroline 08:11
kutentha?? mbali yoyera ya mama si ya amayi aFaness imene ija?

Mama 08:20
🎤 mawu 1:24
Caro wakumbuka bwino. Tsiku lija analengeza mgwirizano, ine ndi anjira anga aFaness tinakhala pakhonde la telala pa trading. Iwo apampando a azimayi a Nyali, ine wa Nkhokwe. Zaka zonsezo timavina mabwalo osiyana, tsiku limenelo tinati lero Mulungu watiseketsa. Ndinadula nsalu yanga pakati n'kuwapatsa theka, iwo anadula yawo n'kundipatsa, telala anangolumikiza. Azimayi ataona, aliyense kukasaka mnzake wa mbali inayo, mpaka Nambuma yense hafu-hafu. A gavanala omwewa anandiimiritsa pa nsanja, amvekere mayi Chikoti ndi nzeru, awombereni m'manja. Lero nzeru ija yasanduka nkhuni? Mbali yoyerayo si ya Nyali, Domi. Ndi ya aFaness, anandipatsa ndi manja awo awiri.

Dominic 08:26
mama chinjira ndi za kumudzi, izi ndi politics. mapanga awiri avumbwitsa

Caroline 08:27
za kumudzi, inu mumakhala ku London? 🙄

Dominic 08:29
Caro u dont get it. the governor told me straight, my own house must be the example. ticket ya ukhansala ili pafupi kwambiri, pls dont help her spoil it

Mama 08:33
🎤 mawu 0:11
Mukayamba chizungu ndiye kuti mukundinena. Pitirizani, ine ndikukathirira matimati anga.

Caroline 08:40
achimwene chinjira cha mama ndi aFaness ndi chachikulu kuposa ine. si chinzake cha pa msika chija, anapangana pamaso pa anthu. bambo atamwalira anagona pa siwa mpaka tsiku lometa ndani? pa ukwati wanu anaphika mpaka maso kufiira ndani?

Dominic 08:44
ndikudziwa zonsezo, sindikudana nawo

Dominic 08:45
ndiona chochita

Caroline 08:46
chochita chanji?

Caroline 12:38
achimwene?

LACHITATU

Dominic 14:31
Caro problem solved 😎

Dominic 14:32
mama went ku mphakati wa tchalitchi, nsalu ija anaichapa, i found it pa chingwe. ndapita nayo kwa telala, msoko wamasuka kamodzinkamodzi

Caroline 14:49
mwatani???

Dominic 14:51
relax, sindiitentha. i respect aFaness. mbali yawo ndaipinda bwinobwino, ndaika mu jumbo yatsopano, ndakasiya ndekha kwawo. a governor ndiwauza kut ife tabweza kwa eni ake, its even stronger

Caroline 14:52
mwabweza

Caroline 14:52
mwawabwezera aFaness mphatso yawo

Dominic 14:53
eya. is that not better than fire?

📞 Caroline waimba, sanayankhidwe 14:53
📞 Caroline waimba, sanayankhidwe 14:55

Caroline 14:57
yankhani foni

Caroline 15:00
kodi inu munakulira kuti? munthu akabweza chimene anjira ake anamupatsa ndie kut chinjira wathetsa. ndikuti maliro ako sindidzafikako, anganso usadzaponde. bola mukanatentha, akanati ndi a chipani. apa aona ngati mama akutumani

Dominic 15:03
aaa zimenezo nzakale

Caroline 15:03
munawapeza? anati chani?

Dominic 15:05
anatsegula jumbo, anayang'ana, anangoti zikomo mwana wanga wayenda bwino. sanakwiye olo pang'ono

Caroline 15:05
mayo ine

Caroline 15:06
thamangani mukaitenge mama asanabwere, plz

Dominic 15:28
ndili pa meeting ya ma youth, later

Mama 17:22
📷 chithunzi

Mama 17:26
🎤 mawu 1:17
Ana inu, taonani zimene ndapeza pakhonde langa. Beseni lalikulu lija ndinawapatsa aFaness atakwatitsa mwana wawo. Mbale zamaluwa. Mpango uja ndinawagulira ku Mchinji. Sefa, ngakhale sefa. Pamwamba pake theka langa lapepo, lopinda bwino ngati lochokera m'sitolo. Nkhuku nayo aimanga miyendo n'kuiika pamthunzi, ndi mwana wa thadzi limene ndinawapatsa kalekale. Aneba akuti aFaness anabwera okha ndi wilibala, osapereka moni kwa munthu. Ndayang'ana pachingwe, hafu-hafu yanga palibe, pampando pali mbali imodzi ulusi uli lendelende. Sindifunsa kuti ndani. Ndinabereka ndekha, ndikudziwa.

Caroline 17:28
mama pepani 😭

Caroline 17:29
ndikuimbirani, yankhani

📞 Caroline waimba, sanayankhidwe 17:30

Dominic 18:41
mama sindimadziwa kut zifika pamenepa

Dominic 18:42
ndimangofuna isapse basi

Dominic 19:10
mama

LACHINAYI

Caroline 06:30
mama mwadzuka bwanji

Caroline 09:02
mama ngakhale ka voice kakafupi chabe

Mama 11:15
🎤 mawu 0:49
Ndadzuka, Caro. Ndinapita kwa anjira m'mawa. Ndaodira, ndaodira, utsi ukutuluka kukhitchini, koma amene anatuluka ndi bambo akunyumba, amvekere apita kudimba. Patapata za aFaness zili pakhomo pomwepo zikundiyang'ana. Ndinangoti chabwino, muwauze kuti ndinafika. Pobwerera ndadutsa pa mjigo, azimayi onse zii ngati ndabwera ndi uthenga wa maliro. Mtima ukundiwawa mwana wanga, sindikubisira.

Caroline 11:18
munawauza bambowo kut achimwene anachita okha?

Mama 11:24
🎤 mawu 0:27
Ndikawauze kuti mwana wanga amatenga nsalu yanga pachingwe changa ine osadziwa? Manyazi ake akhala a ndani? Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, Caro. Mlanduwu ndi wanga, ndiusenza.

Dominic 11:40
ndipita ndikafotokoze ndekha

Dominic 11:41
koma after saturday. wina akandiona pakhomo pa a Nyali week ino a governor amva same day

Caroline 11:42
👏👏 a khansala athu

Dominic 11:46
iwe umalandira salary ku Chitedze mwezi ndi mwezi. ine zaka zonsezi ndakhala ndikukwera m'mitengo kukhoma mbendera ulele, mvula dzuwa. uwu ndi mwayi wanga umodzi, undisiye

Caroline 11:50
sindikukana kut mwavutika. koma mwakwerera pamsana pa mama

Dominic 16:02
mama a governor akufunsa ngati practice ya nyimbo ikuchitika. azimayi akuti simunawaitane

Mama 16:37
🎤 mawu 0:16
Uwauze kuti mayi Chikoti sanayambe achititsapo chipani manyazi. Mawa masana, pansi pa mtengo wa kuseri kwa msika. Nyimbo zidzakhalapo.

LACHISANU

Caroline 13:10
ndimafuna ndibwere mawa koma ndili pa duty, tikukolola. achimwene muzindiuza chilichonse, osadumpha

Dominic 13:22
ok

Mama 17:48
🎤 mawu 0:52
Tamaliza kuyeserera. Mawu alipo, azimayi anga sagwa mphwayi pa nyimbo. Koma Caro, aliyense wabwera ndi kajumbo kake kubisa kukhwapa, mbali yoyera ili m'menemo. Palibe woyang'ana mnzake kumaso. Mmodzi wa iwo, Agnes, wandikokera pambali, akuti ndamasula msoko ndikulira, Helena amene anandipatsa mbali yoyerayi ndimuyang'ana bwanji kutchalitchi? Akuti amayi tiuzeni chochita. Ndiwauze chiyani ine, poti kwanga kunayamba kale kupsa? Ndangoti tiyeni tibwereze ija ya Nkhokwe yadzaza.

Caroline 17:55
mudye kenakake mama. bondo mulipake mankhwala aja

LOWERUKA

Dominic 10:05
📷 chithunzi

Dominic 10:05
ground yadzaza. purple yokhayokha 💜

Dominic 11:41
🎥 kanema 0:35

Dominic 11:42
Caro mayi athu ndi moto. bondo lija aliiwala, a governor mpaka aimirira kuvina nawo

Caroline 11:47
amenewo ndie mayi anga 😍 tamvani mawuwo, popanda mic koma akumveka mpaka ku msika

Dominic 11:55
zoyera zija aziunjika pakati, ma youth anga ali ndi petrol. akatha speech nkutentha, kenako alengeza candidate. pray for me

Caroline 11:57
ndikupemphererani nzeru

Dominic 12:52
pafika galimoto ina

Dominic 12:53
ndi Fletcher, khansala wa Nyali uja. akufuna chani pano

Dominic 12:58
akukwera pa nsanja, nsalu ya Nyali ili paphewa

Dominic 13:01
Caro

Dominic 13:02
akuti walowa Nkhokwe lero. akumulandira

Caroline 13:03
Fletcher yemwe uja amakunenani pa msika kut ndinu tiana tonyamula zikwama za a governor?

Dominic 13:07
ticket ampatsa iye

Dominic 13:07
no primaries. akuti ndi nsomba yaikulu

Caroline 13:08
achimwene pepani. ndithu pepani

Dominic 13:09
mpando wakhalapowo ndinanyamula ndine pamutu m'mawa uno. andiitana pakalowa njoka, pakalowa mbewa akumba okha

Dominic 13:13
aitana mama kut amuveke nsalu yathu, paja wolowa kumene amavekedwa ndi chairlady

Dominic 13:15
amuveka. amangitsa bwinobwino, nkhope osaseka

Dominic 13:17
governor wawapatsa machesi. akuti ayatse ndi iwo mulu uja

Caroline 13:17
ayi ayi ayi

Caroline 13:19
achimwene?

Caroline 13:25
chikuchitika nchani, lankhulani

Dominic 13:34
🎤 mawu 1:46
Caro, sindikudziwa ndiyambire pati. Mama alandira machesi aja ndi manja awiri, mwaulemu wonse, kenako apempha mic. Awapatsa. Amvekere, a gavanala, bambo awa ndawaveka chifukwa inu mwawalandira, ndipo nsalu imene avula paphewayo ndi yawo, akafuna atenthe okha. Koma izi zili apazi si za Nyali ayi. Azimayi awa anapatsidwa ndi anzawo, dzanja ndi dzanja, ndipo ife kuno mphatso sititentha. Chipani ndimachikonda, ndachivinira mpaka bondo latha, koma ndikadzafa wodzandisambitsa si chipani. Inu akuluakulu mukayambana lero, mawa mumamwera limodzi tiyi ku Lilongwe. Ife tikayambana timakumana pa mjigo umodzi mpaka imfa. Atatero aika machesi aja patebulo pamaso pa governor, atembenuka, amvekere azimayi anga, aliyense atenge yake.

Caroline 13:37
😭😭😭 ndie??

Dominic 13:39
poyamba palibe anasuntha. kenako Agnes wadzuka, wapita wafukula mpaka wapeza yake, wamanga kumutu. basi onse gwiii

Dominic 13:40
ma youth amandiyang'ana kut titani, wina anali atatsegula kale chigubu. ndawauza akhale pansi, wothira petrol ayambe wathira ine

Caroline 13:41
lero ndie mwakhala achimwene anga

Dominic 13:44
mulu watha. aliyense ali ndi yake kumutu

Dominic 13:45
mama okha ndi amene alibe yotola. angoima pakati pa ground manja lende. yawo ndinabweza ine

Dominic 13:52
governor walanda mic. akuti kuyambira lero mayi Chikoti si chairlady

Dominic 13:54
mama anyonyomala pang'ono, ati zikomo, nkuyamba ulendo. akuimba ya Nkhokwe yadzaza, nyimbo ya chipani yomwe. azimayi onse akuwatsatira akuvomera

Dominic 14:03
Fletcher akulankhula popanda olo nthungululu imodzi kkkk akungomva mbuzi za pa msika

Caroline 14:06
ndikulira pakati pa munda wa eni, anzanga akufunsa kut kwagwa chani. ndawauza kut ndine mwana wa Elizabeti Chikoti ine, aliyense amve

Mama 16:12
🎤 mawu 1:02
Mwamva eti. Ndafika, ndatambasula miyendo, bondo lakumbuka tsopano kuti lilipo. Upampando apereke kwa amene akufuna, zabwino zonse. Khadi langa la chipani lili m'buku la nyimbo, limenelo sanandipatse ndi a gavanala ndipo sandilanda. Ndidakali wa Nkhokwe. Za Fletcher ndikaganiza ndili ndekha m'kachipinda kovotera. Domi, ndinakuona pa nkhani ya petulo ija, ndinakuona. Koma ana inu, anzanga onse abwerera ndi zawo kumutu, ine ndabwerera chimanjamanja. Katundu uja adakali pakhonde, sindinamulowetse. Ndikamulowetsa ndiye kuti ndavomera.

Caroline 16:16
aFaness amva zimene mwachita?

Mama 16:21
🎤 mawu 0:08
Nambuma yense wamva. Koma kumva si kubwera, mwana wanga.

LAMULUNGU

Dominic 09:48
a Nyali andiimbira. poti Fletcher wawathawa akufuna candidate, akuti ndibwere ticket ndi yanga

Caroline 09:55
kkkkkk koma ndale. dzulo petrol lero ticket. mwati chani?

Dominic 09:56
ndati ndiganize kaye. mama mukuti bwanji?

Mama 12:20
🎤 mawu 1:09
Ndangotuluka m'tchalitchi. Tinakhala benchi imodzi ndi anjira ngati kale, pakuti malo athu ndi omwewo. Pa moni wa mtendere apereka dzanja kumanzere, apereka kumbuyo, ine dzanja langa linangotsala m'malere. Ndinachita ngati ndikukonza mpango. Tsono iwe Domi, ndiwe wamkulu, uli ndi banja. Ukafuna kulowa Nyali lowa, m'nyumba muno uzidya ngati kale, ndipo pa kampeni ndidzakuimba nyimbo yokugwetsa ngati wina aliyense. Koma taganiza, wolowa kumene amavekedwa ndi ndani? Amene adzakuveke nsalu yoyera pa nsanja ndi aFaness. Udzaimapo ndi nkhope iti?

Dominic 13:04
ndikupita kwa aFaness. osati za ticket

Dominic 13:05
nkhuku anabweza ija nditenge ndikapepesere?

Mama 13:08
🎤 mawu 0:29
Iyayi! Mwana uyu abale, ukufuna ukabwezenso chobwezedwa? Gwira ya m'khola mwako, yonenepa, osati yodwala chitopa. Ukafika usakhale pampando ngakhale akupatse, ndipo chipewa chikhale m'manja. Usakanene kuti ndakutuma, pakuti sindinakutume.

Caroline 13:10
ulendo uno mverani zonse, osawonjezera nzeru zanu

Dominic 14:19
ndafika. ndakhala pansi pabwalo, nkhuku ili pamwendo. sanatuluke

Dominic 15:04
still. bambo akunyumba angodutsa, akuti dzuwa likuswa mtengo eti, nkupitirira

Caroline 15:05
khalani pomwepo

Dominic 15:47
anthu ochokera ku mjigo akundijambula. mawa governor aziona, Fletcher aziona. ndilibe nazo ntchito

Caroline 15:48
💪

Dominic 16:31
atuluka

Caroline 16:32
ndie?

Caroline 16:55
achimwene

Caroline 17:40
mama, a Domi abwerako?

Caroline 18:50
anthu inu

LOLEMBA

Caroline 06:14
mundipha ndi BP. wina ayankhe

Dominic 06:47
sorry foni inazima. ndinawauza zonse, kut mama samadziwa kanthu. anandisiya ndilankhule mpaka kumaliza

Dominic 06:49
kenako anandikalipira mpaka aneba kutuluka. akuti iwe ndinakusambitsa ndine uli wakhanda, mayi ako akudwala, lero ukundibweretsera jumbo? akuti tsiku la jumbo lija usiku sanadye

Dominic 06:50
nkhuku analandira. za nsalu sananene kanthu, angoti pita kwanu

Caroline 06:51
basi?

Dominic 06:51
basi

Caroline 06:52
nanga za ticket ya Nyali?

Dominic 06:55
sindinawayankhe. mutu sukugwira, ndikupita kudimba kwa mama ndikawathirire matimati

Mama 07:32
📷 chithunzi

Caroline 07:33
mama!! patapata zimenezo pakhomo panupo nza ndani??

Mama 07:38
🎤 mawu 1:12
Caro, ndikunong'ona, ndili kuseri kwa nyumba. Ndi za anjira, abwera m'mamawa ndi wilibala yopanda kanthu, odi osanena, amvekere ndabwera kudzatenga katundu wanga, ndinangomusungitsa pano. Akuyang'ana mbale imodziimodzi ngati zang'ambika. Beseni akuti ndalisiya padzuwa lasuluka, nkhuku akuti yaonda, tikukangana za zimenezo mpaka pano. Akutinso dzana pa ground ndinayamba nyimbo mokweza kwambiri, azimayi amavutika kuvomera, ndiye kuti analipo, anaima kuseri kwa magolosale. Jumbo ija abwera nayo, aiika pampando wanga. Sanaitchule, inenso sindinaitchule. Loweruka ubwere, ndipo ugule ulusi m'tauni, wa pa trading pano ndi wosalimba. Ulendo uno kwa telala ayi, tisoka tokha pamanja.

Caroline 07:40
😭😭 ndibwera mama. wapepo kapena woyera?

Mama 07:52
uliwonse bola wolimba